Ndinkamumalizira Mawu

Lolemba, 3 Juni

Buku latsopano. Lachikuto cholimba, ngati lomwe kapitawo wathu ankayenda nalo pa ntchito yomanga. Wolankhula ndine, wolemba ndi Mzime, mwana wanga wotsiriza. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri. Chomwe dzanja langa limatha kulemba ndi dzina langa basi, koma limenelo ndimalemba ndekha, sindidinda chala. Pangano lathu ndi lakale: alembe momwe ndanenera, asakonze, asayankhe. Bukuli ndi langa. Iye ndi dzanja chabe.

Bondo lakumanzere likupwetekabe. Mpopi wapanja wayambanso kudontha.

Nkhani yaikulu ndi fomu. Wabwera nayo kuchokera ku sekondale. Chaka chomaliza chino, ndiye ana asankhiretu kokapitiriza maphunziro, kholo lisaine pansi. Tsiku lomaliza ndi pa 21. Malo omuyenera alipo awiri, atero aphunzitsi ake a masamu: yunivesite yaikulu ya boma, maola asanu pa basi, kapena kakoleji kakuseri kwa siteshoni, komwe angamapite wapansi n'kumagona pakhomo.

Kakoleji! Mwana wokhala nambala wani zaka zinayi zonse. Lemba kuti ndaseka.

Lachitatu, 5 Juni

Kusukulu. Jekete lakuda, nsapato zopolisha. Ofesi yopanikiza, makope mulu mpaka pazenera, fungo la choko. Aphunzitsi a masamu, mayi wochepa thupi, sanafunse ine. Afunsa mwana. "Iwe mwiniwake ukuti bwanji?"

Mzime ali ndi chibwibwi chibadwire. Liwu likamukola, chibwano chimanjenjemera, maso pansi. Wayamba: "Ndi... ndiku... ndiku..." Ine mtima wanga supirira kuona mwana akuvutika pamaso pa anthu. Ndamumalizira. "Akuti ndikufuna yaikuluyo." Aphunzitsi andiyang'ana nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba. Kenaka akuti, "Bambo, musanasaine, mukaone kaye. Loweruka likubwerali atsegulira makolo."

Ndikaone chiyani? Holo yaikulu ya pa yunivesite imeneyo ndinamanga ndine. Ine ndi anzanga, zaka makumi atatu zapitazo. Masitepe ake onse anadutsa pansi pa levulo yanga, chida choyezera kuwongoka. Tsiku lomwe tinkachotsa matabwa ndinauza kapitawo kuti mwana wanga wina adzakhala muno. Iye anati, "Kudzasesa?" Anthu anaseka mpaka kugwetsa zipande zomangira. Ana anga anayi oyamba sanafikeko. Watsala uyu.

Pobwerera, a Telala apakhonde loyandikana nafe: "A Levulo, mwayamba kale kuyenda ngati bambo wa dokotala? Jeketelo ndinasoka ndine, lisakunamizeni." Nsanje basi.

Lamlungu, 9 Juni

Tinapita dzulo. Lemba pang'onopang'ono, ndisasiye kanthu.

Pageti anthu ngati pamsika tsiku lamalipiro. Wotiperekeza mtsikana wa chaka chachitatu, chimkuzamawu m'manja, kuyenda kwake ngati akuthawa mvula. Bondo langa silinathe kumutsatira.

Holo ilipo. Masitepe ali chilili, palibe ngakhale mng'alu umodzi. Ndinaika dzanja pakhoma. Mlonda: "Madala, musagwire, penti ndi watsopano." Sindinamuuze kuti womanga ndine. Ndikanayamba bwanji?

Mipando mazana asanu ndi limodzi, ndimaidziwa. Koma akuti a chaka choyamba amapitirira pamenepo. Ena amakhala pamasitepe anga aja, ena panja, kumvera pazenera. Mphunzitsi pansi penipeni, kuchepa ngati chala. Ndinafunsa mtsikana uja ngati aphunzitsi amawadziwa ana mayina. Anaseka, osati mwachipongwe. "Agogo, kuno ndi nambala. Dzina mumalisiya pageti." Agogo. Ankayesa Mzime ndi mdzukulu wanga.

Zipinda zogona. Tinazimangira anthu awiri, ndinayeza ndekha. Dzulo matilesi anayi, zikwama pansi pa bedi, zovala zolendewera pachitseko.

Kenaka pazenera la ofesi. Mzere wautali. Mzime anati akafunse yekha za malo ogona atsikana. Ine ndinaima pambali. Anafika pagalasi, anatsegula pakamwa. Chibwano chija. Mayi wa mkatimo sanakweze n'komwe mutu. "Wotsatira!" Wakumbuyo anamukankha ndi phewa, mzere n'kutseka ngati madzi.

Sanalire. Bola akanalira. Ine ndinakakhala pabenchi, bondo litakana, maso ndili pansi. Iye anasowa kanthawi, ndiye anabwera. Tinakakwera basi.

Lachiwiri, 11 Juni

Chakudya sichikulowa.

Mzime kuno aliyense amamudziwa. Wagolosale amadziwa chomwe wadzera asananene. Kondakitala amadziwa potsikira pake. Kuyunivesite kuja akadwala, adzamuuza bwanji dokotala? Akamulakwira wina, adzakadandaula kwa yani? Liwu lisanatuluke, wotsatira.

M'mawa ndapita ndekha kukakoleji kaja. Bwalo laling'ono, mtengo umodzi, ana makumi atatu m'kalasi. Mkulu wa pamenepo wandipatsa moni ndi manja awiri, wandipatsanso mpando. Khoma lakutsogolo ndi lopindika, womanga wake chingwe sankachidziwa. Maphunziro a masamu aakulu omwe aphunzitsi amanena aja kulibe. Akuti amaphunzitsa zosunga mabuku a m'masitolo. Koma akhoza kumabwera kudzadya masana.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikumuyankha kapitawo uja mumtima. Anamwalira kalekale, koma ndimamuyankhabe. Lero ndilibe choyankha.

Lachinayi, 13 Juni

Ndaganiza. Kakoleji.

Ndamuuza masana ano, patebulo pompano. Ndati mwana wanga, ine sindingakuponye m'chigulu chija chifukwa chofuna kutchuka. Anthu aseke, a Telala aseke. Ndamufunsa bwinobwino kuti iwe ukuti bwanji. Wayamba: "Ndi... ndiku... ndiku..." Ndati usavutike, ndamva, ukuti ndikuopa. Bambo amadziwa za mwana wake asananene.

Mawa ndisaina, nkhani ithe. Bwanji waima? Lemba. Lemba kuti

Lachiwiri, 18 Juni

Dzanja lina lero. Akulemba ndi a Telala. Akuti zilembo zawo zinazolowera miyezo ya m'chiuno, ndisadandaule. Ndawalumbiritsa kuti za m'buku muno zisafike pakhonde pawo.

Masiku asanu. Mzime anaika cholembera pansi Lachinayi lija, osachitolanso. Amaphika, amachapa, amapereka moni. Basi. Fomu anaichotsa patebulo, sindikudziwa komwe ili. Kufunsa ndikulephera.

Ndinawapempha a Telala andiwerengere masamba akumbuyo, ndimve pomwe ndinalakwa. Sindinamvepo mawu anga akubwerera kwa ine. Awerenga onse, osadumpha. Atafika pa 13 avula magalasi. Akuti, "A Levulo, pa 5 mwana anati ndiku, inu munati ndikufuna. Pa 13 anati ndiku, inu munati ndikuopa. Nsalu imodzi, mwasokapo malaya awiri, mwiniwake simunamuyeze." Ndinati asamale pakamwa, ali m'nyumba mwanga. Akuti, "Khoma mumayeza katatu. Mwana ayi?"

Lembani zimenezo momwe munanenera. Musafewetse.

Malemu amake ankadikira. Ndakumbukira lero. Mwana akayamba kulankhula, ankaika mpeni pansi, manja pamiyendo, ngati alibe ntchito ina padziko. Ine ndinkati akumuzunza mwana. Atamwalira, wodikira panalibenso. Ine ndinkathamangira kumuthandiza.

Diresi lobiriwira lija, ndinati akufuna lobiriwira. Kwaya, ndinati sakufuna. Tsiku loika amake, abusa atamufunsa ngati ali ndi mawu, ndinati alibe. Ndani ananena zonsezo? Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala naye m'nyumba muno, ndipo sindikudziwa ngati ndinamumvapo chiganizo chimodzi mpaka kumapeto. Ndakhala ndikucheza ndi ine ndemwe, mwana atakhala pafupi.

Mayi wapagalasi uja ndinamukwiyira sabata yonse. Koma iye sanamuikire mawu m'kamwa. Anangomudumpha.

A Telala akuti ndimwe madzi. Kwatsala masiku atatu.

Lachitatu, 19 Juni

A Telala ali ndi maoda a yunifolomu, angondilembera mizere iwiri. Mpopi ndakonza. Ndinaima pakhomo pa chipinda cha Mzime kawiri, osagogoda.

Lachinayi, 20 Juni

Dzanja lake labwerera. Ndamuuza kuti lero akhoza kukonza ndikalakwitsa mawu ake. Ake okha.

Atabwera kusukulu ndinamupempha abweretse fomu. Kupempha, osati kutuma. Anaiika patebulo. Ndinati ndifunsenso kachitatu, ndipo ulendo uno ndikhalira manja anga. Ndinawakhaliradi, pansi pa ntchafu, ngati mwana wolangidwa.

"Ndi... ndiku... ndiku..." Chibwano. Mtsempha wapakhosi. Mawu awiri anali kale palilime langa, okonzeka, ndinawaluma. Panja wogulitsa makala anadutsa, anafika mpaka kumapeto kwa msewu, mawu ake n'kuzilala. Thukuta kumsana kwanga. Sindinanyamulepo thumba la simenti lolemera chotero.

Linatuluka. "Ndikupempha mundidikire."

Ndi lomwelo, akuti, kuyambira mu ofesi ya aphunzitsi muja. Si kufuna, si kuopa. Kupempha.

Zotsalazo zinatenga nthawi, tiyi anazizira. Ndizinena mwachidule, iye akudziwa kutalika kwake. Kuopa akuopa, inde. Matilesi anayi aja anawaona. Koma akufuna yaikulu. Tsiku lija ndili pabenchi, anabwerera pamzere, analemba funso lake papepala, n'kulilowetsa pansi pa galasi. Mayi uja anawerenga, anayankha zonse, anamupatsanso pepala la malangizo. Ine sindinaone, ndinali kulira maliro a mwana wamoyo.

Ndinati nanga zokhala nambala? Akuti, "Nambala ilibe chibwibwi, bambo." Kumeneko wowerenga mayeso ake sadzadziwa chibwano chake, adzangoona masamu. Kuno aliyense amamudziwa, ndiye aliyense amamumalizira. Wagolosale amamupatsa sopo yemwe sanamufune, iye n'kungolandira. Kukakoleji kukakhala chimodzimodzi, anthu okoma mtima makumi atatu.

Ndiye zomwe ine ndinkaopa ndi zomwe mwana akuthawirako. Akufuna kupita komwe kulibe womudziwa. Komwe kulibe ine. Sananene choncho. Wapukusa mutu, akuti sanatero. Lemba basi, amenewo ndi mawu anga.

Sindinakhutire. Ndinene zoona, buku ndi langa. Pepala silingakuwe munthu akakutsekereza m'njira. Pepala silingadzutse anzako ukadwala. Akhoza kudzabwerako chaka chisanathe, atasweka, ndipo wosaina ndidzakhala ine. Holo ija ndinaimanga bwino, koma sindinaimangire mwana ngati uyu. Sindikudziwa ngati ikumuyenera. Aphunzitsi sakudziwa, a Telala sakudziwa. Mwinanso iye sakudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ulendo uno wanena yekha.

Za kapitawo uja sindikumvanso kanthu. Ndimayesa tsikuli ndidzavina.

Lachisanu, 21 Juni

Mzime akulemba madzulo ano, dzuwa lisanalowe. Fomu yapita.

Mayeso akakhoza, ndipo akhoza, anyamuka. Nyumba zipinda zitatu, munthu mmodzi. Makalata a kuchipatala adzandiwerengera a Telala, pamodzi ndi chipongwe chawo. Buku lino lidzatsekedwa. Sindingamauze munthu wapakhonde za mumtima tsiku ndi tsiku.

M'mawa analemba yekha dzina la yunivesite pamzere woyamba. Kenaka anatembenuzira pepala kwa ine, chala pamalo osaina. Yunifolomu atavala kale, chikwama kumsana, nthawi itamuthera.

Dzina langa ndalilemba zaka makumi asanu, pamapepala a ntchito, kuchipatala, pa ukwati. Lero chilembo choyamba chinatuluka, chachiwiri chinatuluka chopindika ngati khoma la kakoleji. Chachitatu chinakana. Ndikuchidziwa, ndikuchiona m'mutu, koma dzanja likungobwerera pamalo amodzi, inki ikupanga dontho. Ndinayesanso. Dontho likukula. Manyazi, pamaso pa mwana.

Belu la kusukulu limamveka mpaka kuno. Linalira.

Dzina langa amalidziwa. Akanatha kundigwira dzanja, kapena kungolemba zotsalazo, aphunzitsi sakanazindikira. Ndinamuyang'ana, mwina ndinkapempha zomwezo.

Anavula chikwama. Anakoka mpando, anakhala, manja pamiyendo.

Sanandimalizire.