Matuza Anandilanda Enifa

Lolemba, 5 Juni 1978

Mapazi ayambanso. Pansi pake dzanzi, ngati ndikuponda bulangete lopinda, koma m'mbali mwa zala timatuza toyabwa osati masewera. Ndakanda mpaka tatuluka madzi. Enifa wanga anakhala pambali kumandikupizira ndi chivindikiro cha poto, ati pepani mayi. Zaka zinayi koma chisoni ngati munthu wamkulu. Bambo ake, a Fanuel, ali ku Chikangawa ndi lole ya matabwa mpaka Lachisanu.

Lachitatu, 7 Juni

Apongozi afika dzulo kuchokera ku Luwawa. Ndiye taonani tsoka langa. Mmawa kunazizira koopsa, ine ndinasendeza mapazi kumbaula uku ndikusoka kadilesi ka Enifa. Khala linagwa n'kukhala pachidendene. Ine osamva kanthu, singano ikungoyenda! Anayamba kumva fungo ndi apongozi. Anayang'ana chidendene, anayang'ana matuza, kenako anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Sanati pepa. Enifa atabwera kuti akhale pamiyendo panga, anamukoka dzanja n'kumutuma kukatenga madzi.

Lachinayi, 8 Juni

Ndawamva apongozi kuseri kwa khitchini akunong'onezana ndi Mable wa nyumba yoyandikana nafe. Amaganiza kuti munthu wa ku Dedza samva Chitumbuka, chikhalirecho ndakhalitsa pa Boma pompano. Akuti ndi khate. Akuti azakhali awo anayamba chonchi, kupsa osamva, kenako zala kuyoyoka.

Ndawerenga zala zanga ngati chitsiru. Zonse zilipo.

Loweruka, 10 Juni

F. anabwera dzulo, mayi ake n'kumutengera panja asanavule n'komwe jekete. Anagona pamphasa pabalaza, ati msana ukuwawa.

Mmawa F. akuti Enifa apite ndi agogo ake kumudzi akaone ng'ombe masiku ochepa. Ndinakana. Ndinakana mokweza mpaka Mable kusuzumira. F. sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Angelina, ng'ombe zinapita kwanu. Mwana ndi wa kuno."

Kwathu mwana ndi wa mayi, angamunyamule ndani malume ake alipo? Koma malume anga ndi amene analandira lobola mano onse pamtunda, kumatama kuti ndakwatiwa ndi Angoni odziwa ulemu. Ulemu wake ndi umenewu.

Anapita akusangalala mwanayo, chifukwa cha basi. Ndinayesa kuwatsatira koma patapata inavuka ine osadziwa, ndinaiona nditacheuka ili kutali. Mtima wanga wasweka, sindinama.

Lolemba, 12 Juni

Ndaphika phala la anthu awiri. Kuzolowera.

Lachiwiri, 13 Juni

Ndapita ndekha kuchipatala. Adokotala anandiuza nditsinzine n'kumandikhudza ndi thonje kumsana, m'manja, kumapazi. Anafufuza mawanga thupi lonse, palibe. Anacheka pang'ono pakhutu kuti akayeze. Atamva kuti chaka chatha ndinamwa mapiritsi a chifuwa chachikulu anagwedeza mutu, akuti amenewo nthawi zina amaononga mitsempha ya kumapazi. Matuzawo ndi nthenda ina ya pakhungu, zangokumana.

Andipatsa timapiritsi ta mavitamini, mafuta opaka, ndi ufa wina wosungunula m'beseni, madzi ake amasanduka ofiirira. Madzi ndiziyamba ndawayesa ndi chigongono. Ndizipukuta bwino pakati pa zala. Osakanda (iwo anayamba amvapo kuyabwa kumeneku?). Mbaula ayi. Ndiziyang'ana kuphazi ndi kalilole tsiku lililonse, poti phazilo silindiuza likavulala.

Lachisanu, 16 Juni

Si khate! Adokotala anena okha, kawiri, chifukwa ndinawapempha abwereze. Ndinalira pabenchi pomwepo, mayi wina n'kuyamba kundipepesa poganiza kuti ndaferedwa.

F. ndamuuza atangotsika lole. Anayamba kumasula nsapato. Kenako akuti madokotala nawonso ndi anthu, amalakwitsa, tidikire kaye tione ngati dzanzi lithe. Ndinamuuza kuti anena kuti mwina litenga miyezi, mwina silidzatheratu. Akuti ndiye tidikira. Munthu amene ankandidikira pamvula ku sitolo ku Dedza, lero akulandira tiyi wanga ndi nsonga za zala.

Mawa ndikupita ndekha kukatenga mwana wanga.

Loweruka, 17 Juni

Ndinavala masokosi awiriawiri ndi nsapato zakale za F. Pabasi anyamata a chipani anafunsa khadi, mwayi ndinali nayo. Kuchokera pamsewu ndinayenda wapansi m'mapaini muja, kumaimaima kuvula nsapato kuona ngati mwalowa mwala. Tuza limodzi linaphulika, sokosi kumata.

Anandiyalira mphasa panja, pansi pa mtengo wa pichesi, kutali ndi khonde. Ndinagwada bwinobwino, ndinafotokoza zonse zimene adokotala ananena. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti amva chomene, ndipo ayamika Mulungu. Koma ndibwino ndikapume kwathu ku Dedza mpaka mapazi atayamba kumva moto, mbwenu ndidzabwere. Mwana ali bwino kuno. Amuna a pamudzipo anangoti yewo, nkhani yatha.

Ndinapempha kuti ndingomuona. Anamuitana.

Anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyamula kapu ya madzi ndi manja awiri. Amumeta tsitsi. Atandiona nkhope inawala, anayamba kathamangidwe kake kaja madzi akutayikira, ine manja nditatambasula kale. Atatsala pang'ono kufika pamphasa anaima. Anacheukira kukhonde. Anaika kapu pansi mosamala, n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana.

Ndinati, "Bwera kuno Eni, ndine mayi ako."

Anayankha motsitsa, m'Chitumbuka, "Agogo ŵakana."

Ndinakwawa n'kutenga kapuyo ndekha. Madzi ndinamwa onse, iye akundiyang'ana ali chiimire pomwepo.