Thonje Lothawira Kumpoto

Sakubva, Mutare
Julayi, 1985

Okondedwa achemwali anga Evah,

Landirani moni, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Ntcheu. Kodi chifuwa chija munanena m'kalata chinatha? Nanga amalume akupitabe okha kudimba? Ife kuno tikudzuka, koma ndikati tili bwino ndinama, ndipo inu mumandigwira bodza ngakhale papepala.

Mukukumbuka adona a ku Yeovil, dera la azungu kuno ku Mutare, amene ndinkawagwirira ntchito, aja anasamukira ku Joni dziko litangolandira ufulu. Potsanzikana anandisiyira makina osokera, mpukutu wa thonje ndi zitini za guluu wopopera. Iwo ankasoka mabulangeti a zigamba: nsalu pansi, thonje pakati, zigamba zolumikiza pamwamba. Guluuyo ndi wongogwirizira zitatuzi kuti zisasunthe pamene ukusoka. Ukachapa amachoka yekha.

Chimwalirireni amayi chaka chatha, zitenje zawo zinangokhala m'sutikesi. Inu nkhondo ya m'njira ya ku Tete inakukanizani kubwera, amalume chimodzimodzi, ndiye panalibe wamkulu woti azigawe monga mwa mwambo. Nditaona kuti njenjete zayamba kuzilawa, mtima unandipweteka. Ndinati bwanji ndisoke bulangeti limodzi lalikulu, tizifunda fungo la amayi. Sindinafunse munthu. Paja amati safunsa anadya phula, ine ndiye ndadya ndi mng'oma womwe.

Ndinadula, ndinalumikiza, ndipo linakongola, musaone kulira kwangaku. Koma pakona imodzi panaperewera chigamba, zitenje zitatha. Ndinatenga yunifolomu yakale ya mwana wanga Loice, yabuluu ija, n'kudulapo kachigamba kotsekera pamenepo. Mawu amenewa muwasunge, achemwali, ndiwabwereranso.

Tsiku lomata ndinatulutsa mipando panja. Nsalu yapansi ndinaikoka n'kuigwiritsa pasimenti ndi tepi, ndinayala thonje, ndinapopera, ndinasalaza ndi manja kuchokera pakati kupita m'mbali, ndendende mmene ankachitira adona. Linagona bwinobwino. Ndinatseka chitseko n'kupita kumsika kukagula ndiwo.

Pobwera ndinapeza thonje lakwinyika, lonse launjikana kukona ya kabati. Mbali inayo zigamba zinangogona pansalu, pakati popanda kanthu.

Ndinatukwana guluu, ndinati wakalambira m'chitini. Ndinatsegula chitini china, ndinachigwedeza mpaka mkono kuchita dzanzi, ndinapopera wambiri. Zala zinamatana, tsitsi linamatana, ntchentche zinafera pomwepo, koma thonje ayi ndithu. Pofika masana linali labwereranso kukabati.

Ndinakaitana Mai Jesca oyandikana nafe, Mshona amene amasoka madiresi kumsika. Anandiseka kaye, amvekere inu Manyasarande (ndimo amatitchulira ife a ku Malawi) mumafuna kusoka ngati azungu koma simenti yanu ndi yozizira. Anati chifunga cha kuno chimene amati guti ndicho chikunyowetsa guluu, ndidikire dzuwa. Anatinso nsalu yakale imasunga mafuta a m'thupi ndipo guluu sagwira pamafuta, ndiichape kaye n'kuisita. Thonjelo akuti ndilipachike pachingwe liwongoke, chifukwa linazolowera kupindidwa.

Ndinachita zonse. Ndinawonjezera mapini, ndinatsindira ndi njerwa m'mbali monse. Mai Jesca anandithandiza kusalaza okha ndi manja awo, ndipo anati titembenuze bulangeti lonse, kona ya kukabati ibwere kukhomo, mwina pansi ndi popendekeka.

Tinatembenuza, tinatuluka kukamwa tiyi pakhonde, dzuwa lili phwee. M'nyumba munalibe munthu, ngakhale mphaka tilibe. Titalowa, njerwa zinali pamalo pake, mapini ali chilasire, koma thonje linali kukabati komwe kuja. Mai Jesca anangoti maiwe, n'kufunsa kuti zitenjezi mwini wake ndani. Nditawauza, anapukuta manja pa epuloni yawo n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Kapu yawo anaisiya, mpaka lero sanabwere kudzaitenga.

Apo m'pamene ndinakumbuka. Kona ya kabati ndi ya kumpoto, mbali ya kwanuko. Paja amayi sankagona mutu utaloza kwina. Kukomboni ya mgodi ku Penhalonga ankatembenuza mphasa, ngakhale kuchipatala anavutitsa anamwino kuti awatembenuzire bedi. Ankati munthu azigona atalozetsa mutu kwawo, kuti tulo tikamupitirira asasochere.

Zikanathera pa thonje sindikanakuvutitsani. Koma tsiku lina Loice pochokera kusukulu analipeza bulangetilo lili pansi, n'kugonapo. Inu mukuchidziwa Chinyanja cha mwana ameneyu, chija munaseka nacho mpaka misozi, mawu awiri athu, asanu a Chishona. Atadzuka anandiitana dzina langa lapaubwana, limene ngakhale bambo ake salidziwa. Anafunsa m'Chichewa chosalala cha kumudzi ngati mtengo wa masuku wa pachitsime cha kwathu ukuberekabe. Kenaka anandidzudzula kuti ndadula molakwika chitenje cha nkhanga, amvekere chimenecho ndinasungira Evah.

Achemwali, mwana uyu ku Malawi sanapondeko. Za chitenje cha nkhanga ine ndemwe sindinkadziwa. Kodi n'zoona amayi anakulonjezani?

Kuyambira tsiku limenelo Loice sakudya bwino. Akamasewera ndi anzake amangoima mwadzidzidzi n'kuyang'ana kumpoto. Sabata yatha mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anamupeza atadutsa kale tauni, akukwera chitunda cha Christmas Pass cha kumpoto wapansi, nsapato atazinyamula m'manja. Inu mukudziwa amene ankayenda ulendo nsapato zili m'manja. Atamufunsa kumene akupita, anayankha kuti wachedwa kale, kwawo akumudikira.

Ndinaimvetsa nkhani yake popanda wondiuza. Ndinasokerera chovala cha wamoyo ku zovala za wakufa zisanagawidwe, ndipo amayi akunyamuka ndi zonse zimene zalumikizidwa kwa iwo. Sindikuti ndi nkhanza. Mdzukulu wawoyu ankamukonda kuposa ife tonse, ndipo chimene chikundiopsa n'chomwecho.

Ndinatenga lumo n'kumasula ulusi wonse wozungulira kachigamba kabuluu. Taonani zodabwitsa: guluu amene anakana bulangeti lonse, pamenepo pokha anagwira ngati chikopa pamnofu. Kachigambako kamatirira kuthonje pamodzi ndi m'mphepete mwa chitenje cha nkhanga. Ndinaviika m'madzi ofunda, ndinapaka sopo, ndinayesa palafini, osatheka. Nditakoka mwamphamvu, Loice anakuwa kuseri kwa nyumba kumene ankatsuka mbale. Ndinamupeza atagwada, atagwira m'nthiti. Sindinayesenso, ndipo sindidzayesanso.

Ndiye ndikugwada pamaso panu. Bulangetili ndalipereka kwa a Winston, dalaivala wa lole amene timapemphera naye, ndipo adutsa ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Akupatsani pamodzi ndi kalata ino. Nditalipinda n'kuliika m'thumba la ulendo, ndinapisamo dzanja kuti ndimve. Thonje linali litagona myaa, lopanda khwinya ndi limodzi lomwe.

Likafika musalifunde, ndipo ana asaliyandikire. Itanani amalume ndi azakhali, alitengere kuchitsime cha pamasuku chija. Mwina madzi a kwawo achita zimene akana madzi a kuno. Muyambe ndi kona yabuluu. Muziviika pang'onopang'ono mpaka kachigambako kamatuke kokha. Chonde, chonde, musakoke. Kakachoka mukakulunge pakokha, a Winston abwere nako. Zotsalazo amalume agawe monga mwa mwambo, cha nkhanga chikhale chanu, ine ngakhale osandipatsa kanthu. Akafuna kundikalipira andikalipire, makutu ndili nawo.

Pamene ndikulemba pano Loice waima pampanda, wayang'ana kwanuko, kampukutu ka zovala kali pamutu. Wandifunsa kale kuti galimoto inyamuka nthawi yanji. Ndamuuza kuti malo mulibe, ndipo wangondiseka kuseka kwa amayi kuja, kotseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi onse a pamudzi. Mulungu akusungeni, ndipo agwire manja anu kuti asanjenjemere pa ntchito imeneyi. Mukakafika pachitsime, inu ndinu mwana woyamba wa amayi, akumverani. Muwauze amayi kuti afika kwawo, apumule, koma mwanayu andisiyire.

Ndine mng'ono wanu,
Tecla