Munda wa Chinangwa wa Pulofesa Muapala Watsala Wamasiye

Kwa Bambo Abudo Muapala, ana, abale ndi onse amene maliro awa awakhudza,

Bungwe la Aphunzitsi Ofufuza m'Mayunivesite a Chigawo cha Kumpoto lagwidwa ndi chisoni chosaneneka pomva kuti Pulofesa Celestina Muapala atisiya mwadzidzidzi Lachiwiri lapitali kuno ku Nampula.

Malemuwa anapereka moyo wawo wonse ku chinangwa. Pamene matenda owoletsa mizu ankapulula minda, iwo anayenda mudzi ndi mudzi kutolera mitundu yopirira, naikwatitsa m'munda wa yunivesite, mpaka mabanja amene anali ataiwala kukoma kwa karakata, nsima ya chinangwa ija, anayambanso kugona okhuta.

Koma chinangwa si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe. Mtundu ukapanda kubzalidwanso, watha basi. Izi anazifotokoza pamaso pa akuluakulu a boma pamene thandizo la kafukufuku linaimitsidwa, ndipo mkulu wina anawayankha akuseka: "Amayi, chinangwanso chifune pulofesa? Agogo anga amabzala, koma sadziwa ndi 'a' yemwe."

"Agogo anuwo ndi amene anabwera kudzandilirira, bwana," anatero malemuwa.

Thandizolo silinabwerenso. Antchito a m'munda anachotsedwa, ophunzira amene iwo anawasula anakafuna mwayi kunja, ndipo mayi wa msinkhu wawo anatsala akupalira okha padzuwa, mankhwala a kuthamanga kwa magazi ali m'thumba. Tikawaletsa ankatiseka, makamaka ine wapampando: "A Nipuete, inu kadandauleni kumisonkhano kwanuko. Udzu sudikira bajeti." Anakomokera m'mundamo, khasu lili m'manja.

Tikanakonda kulonjeza banja, monga mwa mwambo wa mauthenga otere, kuti ntchito yawo ipitirira, koma pamaliro sitinama. Mvula yayandikira, wodula ndi wobzala palibe. Tagogodanso pa zitseko zomwe zija ndipo atiuza kuti tidikire chaka cha mawa, ngati kuti mtengo wa chinangwa umamva za chaka cha mawa. Mitima yathu yasweka, ndipo chiyembekezo chatithera.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, tikupepesa kwa inu Bambo Muapala ndi ana, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu zimene ife lero tilibe.

Banja lapempha kuti pa mwambo wa Loweruka pasabwere nkhata za maluwa. Polowera kumanda padzakhala mitolo ya mbewu ya chinangwa yodulidwa m'munda wawo, ndipo aliyense adzatenge yoti angathe, akabzale kuseri kwa nyumba yake. Tikudziwa kuti mitunduyo idzasakanikirana ndipo mayina ake adzaiwalika. Koma ntchito ya moyo wawo wonse ilibenso kwina kopita.

Mzimu wawo uuse mumtendere umene munda wawo unawamana.

Pulofesa Horácio Nipuete
Wapampando wa Bungwe