Nkhope Zimene Emelina Anakana Kutchula

Feira,
18 Juni 1956.

Okondedwa Alamu a Silvestre,

Landirani moni wochokera kuno ku Feira. Mlongo wanu Alzira ali bwino, chifuwa chija chinaleka, ndipo mapira takolola ngakhale njovu zinalawako kumunda wakumtunda. Ndikhulupirira kuti ku Broken Hill ntchito ya njanji ikuyenda, ndi kuti mphepo ya Juni siikukusautsani monga ikundisautsira ine m'mawondo.

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndaiwerenga mobwerezabwereza. Mwati mwana wanga Emelina, popeza watsiriza Sitandade 4, apite kumudzi akaphunzire ntchito zapakhomo, chifukwa ndi mwana wachete ndipo sukulu yapamwamba imafuna ana otseguka pakamwa. Inu ndinu malume ake, mwana ndi wa kwanu, ine sinditsutsa. Kunena zoona, inenso pomuphunzitsa m'kalasi ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo zinkandidya mumtima. Ndingopempha kuti mumve zimene zachitika pasukulu pathu mwezi uno, kenaka muweruze.

Kunabwera mzungu wamkazi wochokera ku Mangalande, a Dona Whitlock, amene ntchito yawo ndi kufufuza maganizo a munthu: mmene ana amaganizira, mmene amapekera zatsopano, ndi mmene amazindikirira zimene zili mumtima mwa mnzawo. Chinyanja amangochilawa, motero ine ndinasankhidwa kuwamasulira. Mukundidziwa, alamu. Asanafike ndinasesetsa bwalo kawiri, ndipo ana ndinawalangiza mwamphamvu kuti mlendo akawafunsa, maso akhale pansi, mawu akhale ochepa, asachititse sukulu manyazi.

Poyamba zinayenda bwino. A Dona anapatsa ana timatabwa tamitundumitundu kuti atilumikize, kenaka anawaonetsa chitini chopanda kanthu nafunsa ntchito zimene chingagwire. Anawo anatchula kukapa madzi m'bwato, kusungira nyambo, kuopsezera mbalame m'munda, mpaka pensulo ya a Dona inabuntha.

Vuto linabwera pa zithunzi. Anatulutsa zithunzi za nkhope za anthu, ena akuseka, ena akulira, ena atakwinya pamphumi, ndipo funso linali lakuti, "Munthu uyu akumva bwanji?" Mwana aliyense ankangoti, "Ali bwino." Ngakhale mkulu wina wa nkhope yachisoni choonekeratu, akuti ali bwino. Emelina wathu ndiye anandimaliza: chithunzi chilichonse, "Sindidziwa." Ndinaopa kuti zikalembedwa ku Ulaya kuti ana a ku Feira sadziwa chisoni ndi chimwemwe, ndipo woyamba pa osadziwawo akhala mwana wa mphunzitsi. Linandibwerera ganizo lokometsako mayankho pomasulira, koma bodza ndimaliopa kuposa manyazi.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwalemekeza mayi amenewa. Wina akadalemba zimene wamva n'kukwera galimoto. Iwo anatsekera zithunzi m'bokosi, nayamba kumakhala kugombe kumene amayi amagula nsomba za ku Zumbo, kumangoyang'ana mmene ana amachitira ndi akuluakulu. Atatero masiku angapo, anandifunsa:

"Bambo Njobvu, mwana wanu atakuuzani pamaso kuti mwakwiya, mungatani?"

"Ndingamudzudzule, Dona," ndinatero. "Mwana satchula nkhope ya wamkulu. N'chipongwe."

"Nanga zithunzi zanga zonse si za akuluakulu?" Anadziseka okha mpaka kupukuta magalasi. "Ndayenda ulendo wonsewu kudzapempha ana kuti achite mwano. Anawa alibe mlandu. Lodwala ndi funso langa."

Ine ndinaulula kuti ndi malangizo anga aja ndinathira mchere pachilonda. Sanandikalipire. Anangoti nazonso azilemba, pakuti ndi mbali ya zimene akufufuza.

M'mawa mwake funso linasintha. Anaitana Emelina, namuonetsa chithunzi cha mkulu wachisoni uja, nati ndimufunse kuti, "Utakumana nawo panjira, ungatani?"

Mwanayo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndingagwade pambali, ndiwombe m'manja pang'onopang'ono. Sindingafunse kuti mwadzuka bwanji. Ndingakawatungire madzi, ndiitane amayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Aferedwa. Koma si lero, misozi inatha kale."

Anamuonetsa china, cha mayi womwetulira. Emelina anati, "Awa ndingawapatse moni, koma sindingakhalitse. Pakamwa pakuseka, maso sakuseka." A Dona ananditembenukira, nanena kuti chithunzi chimenecho anachiika dala, ndipo kwawo chimanyenga ngakhale anthu aakulu ophunzira.

Pomaliza, mwanthabwala, analoza ine. "Nanga utakumana ndi bambo awa?"

Alamu, ndinayenera kumasulira ndekha funso lonena za ine, ndiponso yankho lake. Emelina sanadzutse maso. Anati, "Awa sanadye bwino chibwerereni inu. Ndingawauze kuti mlendo wakondwa, kuti adye." A Dona anaseka, ana nawonso anaseka. Zaka zonsezi ndimayesa kuti mwanayu akakhala chete ndiye kuti m'mutu mulibe kanthu, pamene iye amatiwerenga tonse monga ine ndiwerengera buku, n'kusunga pakamwa chifukwa ndi mmene ife tomwe tinamulerera.

Asananyamuke ndinawafunsa ngati mwana wotere angathe sukulu yapamwamba. Yankho lawo linandikondweretsa chifukwa silinali lonyengerera. Anati iwo si owombeza, ndipo zithunzi sizilosera za mawa. Chimene angaikire umboni n'chakuti kukhala chete kwa Emelina sikuchokera ku kusowa nzeru, ndi kuti odwala m'chipatala kapena ana m'kalasi amafuna munthu woona zimene iwo sangathe kunena.

Ndiye pempho langa ndi ili. Masisitere a kusukulu ya atsikana ali ndi malo a Sitandade 5, ndipo akufuna yankho Julaye asanathe. Dzina sindinapereke, ndipo sindipereka popanda mawu anu. Mukati ayi, ndidzamuperekeza ndekha kumudzi osadandaula pamaso pa anthu. Koma lingaliraninso, alamu. Ulemu umene inu mumamuyamikira ndi womwewo umene unatibisira nzeru zake, ndipo sindikufuna kuti umutsekerenso njira. Mukayankha, lembani tsiku pamwamba, kuti ndidziwe ngati kalata yachedwa panjira.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba ndi ana onse. Alzira akuti nsomba zouma atumiza akapeza munthu wodalirika. Emelina akupereka moni atagwada. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu ena kwa amalume ake, wayankha kuti alibe. Koma chiyambireni kulemba, mtondo wa mapira uli zii, ndipo iye wakhala pakhomo ndi musi pamiyendo, akuyang'ana dzanja langa. Tsopano ndaphunzirako pang'ono kuwerenga nkhope, ndipo ndikadakonda mukadaiona iyi.

Ndine mlamu wanu wodikira,
Everisto Njobvu.