Galimoto imatentha ikaima pakhomo pokha

Aphungu,

Ndine telala wa zaka 61, ndipo chibadwire sindinalembepo kalata ku nyuzipepala. Mundikhululukire ndikayamba kuzungulira, manja angawa anazolowera sizasi, osati cholembera.

Nkhani yanga ndi ya galimoto. Ndi yaing'ono, yotuwa, yakale ndithu, ndipo eni ake enieni anali mayi a kunyumba kwanga. Iwo ndi amene ankaiyendetsa zaka zonsezi, ine nditakhala pambali ngati katundu, nsalu za makasitomala pamwendo. Ikangosintha kaliridwe pang'ono, ankatsitsa wailesi n'kunena kuti, "Tamverani bambo a ana, yayamba kudandaula." Ine sindinkamva kalikonse. Laisensi ndinali nayo, koma inkangokalamba nane limodzi m'chikwama.

Mayiwa anatisiya miyezi isanu ndi inayi yapitayo. Ana athu awiri ali kutali ndi ntchito zawo. Chichokereni mayi awo ndimaiyendetsa ndekha, m'mawa kushopu, madzulo kunyumba. Mpando sindinausunthe ngakhale maondo amagunda chiwongolero, poti iwo anali afupi msinkhu.

Mwezi wathawu kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kanayamba kukwera mpaka kufika pofiira. Tsiku lina nthunzi inatuluka m'boneti. Ndinathamangira chidebe cha madzi ozizira n'kukhuthulira pa injini. Inalira ngati ayironi yotentha pa nsalu yonyowa, ndipo ndinaima pamenepo ndekha ndi chidebe m'manja, wosowa womufunsa ngati ndachita bwino kapena ndalakwitsa.

Ndapita nayo kugalaja kawiri. Ulendo woyamba makaniko anaitenga, anazungulira nayo theka la ola, kukwera nayo zitunda, koma kamuvi kanangoti zii pakati. Atabwerako anandifunsa kuti, "Madala, galimoto iyi ndi yabwinobwino. Imatentha nthawi yanji makamaka?" Ndinayankha kuti, "Nthawi zina basi." Ulendo wachiwiri anasintha chivindikiro cha radiyeta, anathiramo madzi obiriwira aja amati kulanti, kenako anandiyang'ana mmene anthu amayang'anira nkhalamba yodzipangira matenda.

Aphungu, makaniko uja ndinamubisira. Galimotoyi pamsewu siinatenthepo. Imatentha pakhomo panga. Ndikafika 5 koloko madzulo, ndimalowetsa galimoto, n'kuimika pafupi ndi khonde, kenako miyendo imakana kutsika. Ndimaona makatani ali chitsekere mmene ndinawasiyira m'mawa, ndipo ndimadziwa kuti m'sinki muli kapu imodzi, yanga. Ndiye ndimangokhala m'galimotomo injini ikulira, wailesi ili chapansipansi. Injini ikamalira zimakhala ngati tikadali panjira, sitinafike. Nthawi zina ndimakhala mphindi makumi awiri, nthawi zina ola lathunthu. Pakapita mphindi khumi ndi zisanu kamuvi kaja kamayamba kukwawa, ndipo kakayandikira pofiira ndimazimitsa, n'kukalowa m'nyumba. Tandiuzani, munthu ali ndi sipanala m'manja, anzake akumvetsera, nkhani ngati imeneyi ungamuyambire pati?

Ndinalakwitsa kutchula za nthunzi ija pafoni kwa mwana wanga wamwamuna. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize. Anati, "Bambo, imeneyo ndi gasiketi, injini yatha basi. Musadzivutitse, ndapeza kale munthu woigula, abwera Loweruka la sabata yamawa. Kushopu muzikwera minibasi, kusiyana n'kuti idzakuyakireni pamsewu." Mwanayu amandikonda, ndipo ndinasowa pokanira. Mnansi wanga, dalaivala wa lole, akuti ndingochotsamo kachipangizo kotchedwa themositati, zonse zitha. Aliyense akundiuza zake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa zoona zake.

Funso langa ndi lakuti, kodi injiniyi yathadi? Ngati yatha, makiyi ndipereka, sindilimbana ndi mwana wanga. Koma ndikuuzeni poyera kuti ndikuopa. Galimotoyi ikapita, ndidzatsika minibasi pakona, ndidzayenda mpaka pachitseko, ndipo sipadzakhalanso poti ndipumire ndisanalowe m'nyumba ija.

Ine wosowa mtendere,
W. D. M., m'tauni mommuno

Bambo W. D. M.,

Pepani kwambiri ndi imfa ya mayi. Miyezi isanu ndi inayi si nthawi yaitali, ndipo palibe chochititsa manyazi m'kalata yanuyi. Koma ndiyambe ndi kukudzudzulani: makaniko uja simunamuchitire chilungamo. Anakufunsani funso limodzi lofunika pa onse, inu n'kumuyankha ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Munthuyo anangotaya mafuta kuzungulira tauni kufunafuna matenda amene amabwera galimoto itaima.

Sindingathe kuyeza injini kudzera m'kalata, koma zimene mwafotokozazi zikuloza malo amodzi, ndipo si gasiketi, kachipangizo kotseka mpata pakati pa zitsulo za injini kuti madzi asasakanikirane ndi oyilo. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa madzi a mu radiyeta. Ikaima injini ikulira, mphepoyo palibe, ndiye pamafunika fani imene ili kuseri kwa radiyeta kuti izungulire. Galimoto yozizira panjira koma yotentha itaima, kawirikawiri fani yake ndi imene yagona. Chogonetsa chikhoza kukhala fyuzi yopsa, waya wosweka, kaswitchi komva kutentha, kapena mota ya faniyo. Zonsezi ndi zokonzeka, ndipo zambiri ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Mawa m'mawa, injini isanalire, tsegulani boneti. Onani ngati madzi m'kathanki ka pulasitiki ali pakati pa mizere iwiri, ndipo musuzumire pansi ngati pali podontha. Kenako tsegulani chivindikiro cha oyilo n'kusololanso kandodo koyezera. Oyilo akakhala wakuda kapena wofiirira, zili bwino. Akakhala woyererako ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa mmene sayenera kulowa. Mukaliza injini, imani kumbuyo kwa galimoto muone utsi. Kanthunzi ka m'mawa kamatha kokha, koma utsi woyera, wochuluka, wosalekeza, pamodzi ndi madzi omangotha popanda podontha, ndi zizindikiro za gasiketi. Ngati zimenezi palibe, mwana wanu waweruza mlandu asanaone woimbidwa.

Mukatero bwererani kwa makaniko yemweyo. Simukufunika kumuuza za makatani ndi kapu. Mungoti, "Imatentha ikaima injini ikulira, pakapita mphindi khumi ndi zisanu." Muisiye ikulira pagalaja pomwepo, boneti ili yotsegula, nonse awiri mukuyang'ana fani, manja ndi malaya kutali nayo chifukwa imadzuka mosachenjeza. Kamuvi kakadutsa pakati fani ili duu, mwaligwira vuto. Mumupemphenso ayeze ngati gasiketi ikadali yolimba, poti injiniyi yafika pofiira kangapo ndipo munaisambitsa madzi ozizira ili moto. Chidebe chija musadzachibwerezenso, chitsulo chotentha chimang'aluka nacho.

Malangizo a dalaivala wa lole athokozeni, koma musawatsate. Themositati ndi kachitseko kolola madzi kuzungulira injini ikafunda. Ikanakhala yomatirira, galimoto ikanatentha ndi panjira pomwe, makamaka pachitunda. Ikapezeka yowonongeka imasinthidwa, siichotsedwa.

Zotsatira za kugalaja zikatuluka, imbirani mwana wanu Loweruka lija lisanafike. Galimotoyo ndi yanu, ndipo sanakulandeni mawu, munangomusiyira. Iye anamva za nthunzi ali kutali, anachita mantha, n'kuganiza za bambo ake okha amene amutsalira. Mantha amenewo amachoka ndi umboni. Muuzeni chimene makaniko wapeza, ndipo ngati injini sinathe, wogulayo auzidwe mwaulemu kuti katundu sakugulitsidwanso.

Machenjezo awiri. Musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, ngakhale ndi chiguduli. Madziwo amatumpha ndi mphamvu ndipo amasupula khungu, inu manja ndiwo ntchito yanu. Dikirani mpaka izizire. Chachiwiri, musamakhale m'galimoto yolira pamalo otsekeka, kaya m'galaja kaya pothinana ndi khoma mawindo ali otseka. Utsi wa injini uli ndi mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu osadzukanso. Kufikira fani itakonzedwa, mukafika pakhomo zimitsani injini. Wailesi ikhoza kulira payokha kwa kanthawi, ndipo mpandowo palibe akukuthamangitsanipo.

Koma chondidetsa nkhawa kwenikweni si fani ayi. Mpaka lero, chimene chakhala chikukutsitsani m'galimotomo madzulo aliwonse ndi kamuvi kofika pofiira. Fani ikakonzedwa kamuviko kadzakhala phee pakati, kaya mukhale ola limodzi kaya atatu, ndipo sipadzakhalanso wokuuzani kuti tsikani. N'chifukwa chake mwana wanu wamwamunayo musamubisire mmene munabisira makaniko. Muuzeni kumene galimotoyi imatenthera ndi chifukwa chake. Akafunsa kuti akuthandizeni bwanji, muuzeni kuti asatumizenso wogula. Aziimba foni 5 koloko, iye ndi mlongo wake mosinthana, ndipo asamadule kufikira atamva kuti mwatsegula chitseko n'kulowa.

Aphungu