Kochi wa ng'oma ya mapenenga

Lachiwiri. Kunatentha, koma ndaseka pamaliro.

Nkhaniyi anandiuza malume anga a ku Vinthukutu, lero ndayifotokoza posiwa pa a Msukwa, kochi woyamba wa mpira pakoleji ya kumeneko. Mpira sankaudziwa iwo, ankatsogolera gule wa mapenenga, ndiye osewera ankawaphunzitsa ndi ng'oma. Mkulu wa koleji anati, "Mukagonja mawa, ntchito yatha."

Timu ya ku Chilumba inabwera ndi ng'oma yakenso. Itangolira, athu onse anandanda pamzere n'kuyamba kuvina, ndi goloboyi yemwe. Anatimwetsa zigoli zinayi.

Akazi awo a malemu anandiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Zinali zisanu, bambo, musawachepetse."

M'mawa mwake atagonja muja, a Msukwa mpira anawalanda, n'kuwapatsa gule. Kumeneko sanagonjepo.