Bowo pa Mpando wa Kadontho

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi yakupezani muli bwino. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda, kapena mukungolimba mtima monga mwa nthawi zonse? Ife kuno tilipo, kungoti kwacha, kwada. Mdzukulu wanu Kadontho ali bwinobwino, alibe ngakhale kabala. Ndayamba dala ndi mawu amenewa kuti zotsatirazi musawerenge mtima uli m'mwamba.

Ntchito kochapira zovala ikuyenda. Anandichotsa kopinda zovala, tsopano ndili pa makina ositira, aja otulutsa nthunzi. Ndikamaweruka ndimakhala ngati nsanza yofinya, mapazi atatupa. Denga la kubafa likudonthabe, ndipo eni nyumba mawa lawo silifika.

Koma nkhani imene ndalembera ndi ya mkamwini wanu, bambo a Kadontho. Ndinakuuzani pafoni kuti achifwamba anawaimitsa akugawa katundu pa galimoto ya kuntchito, ndipo kuti sanavulale. Thupi lokha ndi limene silinavulale. Anawagoneka chafufumimba pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akungoonerera. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chikamenyeka ndi mphepo amadzidzimuka, supuni ikagwa amakalipa. Munthu uja ankaseka mpaka kutsokomola sindinamuonenso.

Ndiye anakagula mfuti, yaing'ono ya m'manja. Kuno zimagulitsidwa m'sitolo. Wogulitsayo sanawafunse ngati anaigwirapo chibadwire, kapena ngati masiku ano akupeza tulo. Akuti anangofunsa ngati akufuna yolowa m'thumba la jekete kapena yomangirira m'chiuno. Anabwera nayo m'jumbo limodzi ndi sopo amene ndinawatuma.

Ine ndinadandaula. Ndinawakumbutsa kuti asanawapatse galimoto ija anawayeza maso, anawayesa pamsewu, analephera, n'kukabwereza. Inenso makina ositira aja sanandilole kuwakhudza ndisanaphunzitsidwe, pomwe choopsa chake n'kupsa dzanja basi. Kumapeto kwa tauni kuli malo amene amaphunzitsa kagwiridwe ka mfuti kwa aliyense wofuna, ndiye ndinawapempha kuti apiteko.

Iwo anayankha kuti achifwamba aja palibe amene anawayeza maso, ndipo zoyezayezazi zimangochedwetsa anthu abwino pamene oipa akuyenda nazo kale. Anatinso mfuti si ndege, pokoka pake ndi pamodzi. Kunena zoona, Amayi, pa za achifwambazo sananame. Ndinawaona mmene analili tsiku lija, ndipo sindifuna kuti adzagonenso pamsewu. Atelala a khomo loyandikana nafe anawaikira kumbuyo, amvekere aliyense akhale ndi yake kuti akuba aziopa. Akazi a atelalawo anangoti anthu asamvere munthu amene amasakasaka sizasi ili m'manja mwake. Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa ine ndinali nditatopa nayo.

Loweruka lapitali m'mawa, tikumwa tiyi, ndinaona mfuti ija pamwamba pa firiji, pamalo poti Kadontho akakwera mpando amafikapo. Ndinaiyambanso nkhani ija. Bambo ake anapsa mtima, nati andionetse kuti ndikuopa chitsulo chabe. Anaitsitsa, n'kusolola kabokosi ka zipolopolo kamene kamalowa kuchogwirira, n'kukaika pambali pa shuga. Anati ndione ndekha kuti ilibe kanthu. Kenako anakoka.

Inalira, Amayi. Makutu anga anatseka, kapu ndinaipeza ili pansi osadziwa kuti yagwa liti. Chipolopolo chinaboola chotsamira cha mpando wa Kadontho, kampando kofiira kapulasitiki, n'kukalowa m'khoma. Mwanayo anali atangotsika kumene kukatola buledi wake amene anagwera pansi pa tebulo. Ine ndinali nditangomukalipira kuti akhale pansi, zapansi sadya. Sanandimvere.

Anansi anaitana apolisi. Wapolisi amene anabwera anafotokoza kuti ukachotsa kabokosi kaja, chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati, chokonzeka kale kutuluka. Anati kophunzira kuja chimenechi ndiye amayambira, pamodzi ndi lamulo loti mfuti suilozetsa kumene sukufuna kuombera, ngakhale ukhulupirire kuti ilibe kanthu. Anayang'ana mpando uja, nayang'ana mwana, n'kupukusa mutu. Analemba zolemba zake, anawachenjeza, koma mfuti anawasiyira poti anaigula mwalamulo.

Tsiku limenelo mkamwini wanu analira ngati mwana. Anamufungata Kadontho mpaka mwanayo kudandaula kuti akumupweteka. Ine mumtima ndinati basi, chitsulo chija chituluka m'nyumba muno. Koma Lolemba m'mawa ndinawaona akuchilowetsanso m'jekete. Anati tsopano za chipolopolo chotsalira azidziwa, sizidzachitikanso, ndipo kophunzira kuja adzapita ntchito ikadzachepa. Ndinawafunsa kuti ngati phunziro loyamba taliphunzirira pa mpando wa mwana, lachiwiri tidzaliphunzirira pa chiyani. Anangotseka chitseko n'kumapita.

Musawaone ngati munthu woipa, Amayi. Ndi munthu wamantha amene anagulitsidwa chinthu choopsa popanda womufunsa kanthu. Ndikanakonda pakanakhala wina, kaya kusitolo kuja kaya kuboma, woti awauze kuti dikirani kaye, phunzirani, mtima ukhale m'malo. Munthu ameneyo palibe, ndiye ntchitoyo yagwera ine, ndipo ine mawu anga atha. Ndikakhala pa makina aja maganizo amakhala kunyumba, moti dzana ndinapsereza malaya a kasitomala.

Pempho langa ndi limodzi. Mundisungireko Kadontho. Sukulu yatsala pang'ono kutsekera, ndipo achimwene akamabwera kudzagula katundu wawo atha kumutenga pobwerera. Ndikudziwa kuti bondo likukuvutani, ndipo mwanayu sakhazikika. Ndikudziwanso kuti chibadwire chake sindinasiyanepo naye, moti polemba mzere uno ndaima kaye. Koma bola ndizimusowa ali kwa inu.

Bambo ake ndawauza kuti mwana adzabwerera iwo akadzapita kukaphunzira n'kukaonana ndi aja amathandiza anthu amene anakumana ndi zoopsa, apo ayi akabweze mfutiyo. Sanavomere, koma sanakanenso. Anangoyang'ana khoma lija.

Kadontho mwini wakeyo sakudziwa chimene chinamuphonya. Amalowetsa chala pabowo paja, n'kumauza anzake kuti mpando wake uli ndi diso. Bambo ake amafuna kuutaya, ine ndakana. Mwana akapita, mpandowo ukhala pomwepo patebulo, moyang'anana ndi pamene iwo amakhala.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa bambo aang'ono ndi banja lawo, ndiponso kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ndinawalonjeza ija sindinaiwale. Achimwene muwafotokozere nokha nkhaniyi, koma asabwere ndi ukali, m'nyumba muno mantha akwana kale. Mng'ono wanga mumuuze akonze pogona, wopondaponda anzake kutulo akubwera.

Kadontho akafika mudzaona kuti ndi mwana wosamva. Mukamuuza kuti akhale pansi, iye amatsika. Chonde musamukalipire kwambiri.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Make Kadontho